Mabatire a Mtanda Wachikasu

MUTU 7

1. Firiji Yofunda

Mu Okutobala chaka cha 2000, dzuwa linkawotcha kwambiri ku Kitwe moti malata a nyumba za mu Ipusukilo ankalira okha masana. Nelia Daka anali ndi zaka 17, ali mu giredi 11. Banja lawo linali litakhala m'komboni imeneyi chaka ndi theka basi. Kale ankakhala m'nyumba ya kampani ya mgodi, ya madzi a pampopi ndi magetsi osazima. Tsopano ankagona m'zipinda ziwiri za njerwa zosawotcha, kumene kunalibe ngakhale mtengo umodzi wa magetsi.

Atate ake, a Zacharia Daka, anagwira ntchito ya magetsi pansi pa mgodi zaka 26. Mgodi uli pafupi kugulitsidwa, anapatsidwa kalata yowachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Anatulukako ndi bokosi la zipangizo ndi chifuwa chosapola.

Anthu ochotsedwa ntchito sankalandiridwanso ku chipatala cha mgodi. Choncho parishi inatsegula kiliniki ya zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi, ndipo namwino wake anali Sisitala Beatrice. Abwenzi a parishi a kunja kwa dziko anatumiza magalasi a sola asanu ndi atatu, mabatire asanu ndi limodzi, ndi firiji yosungiramo mankhwala. A Zacharia ndiwo analumikiza zonsezo, osalandira kanthu. Tsiku lomaliza Nelia anawagwirira chitini cha penti, iwo akujambula mtanda wachikasu ndi nambala pa batire lililonse.

Kwa chaka chathunthu zonse zinayenda bwino. Katemera wa ana ankasungidwa m'firiji muja. Odwala shuga nawonso ankasungitsamo jakisoni wawo, chifukwa mankhwala amenewo safuna kutentha.

Mu Julayi chifuwa chinawagoneka a Zacharia. Kiyi wa kachipinda ka mabatire anamupatsa mwana wawo wamkulu, Clive, kuti azipukuta fumbi pa magalasi ndi kuthira madzi m'mabatire. Clive anali ndi zaka 21. Anamaliza giredi 12 ndipo anakhoza bwino, koma eni ake atsopano a mgodi sankalemba ana a anthu a mumgodi monga zinkachitikira kale.

Kuyambira mu Seputembala, Sisitala Beatrice ankapeza firiji itafunda m'mawa uliwonse. Anatumiza uthenga kwa a Zacharia, iwo n'kutuma Clive kuti akaone. Clive anabwerako n'kunena kuti ndi fumbi chabe.

Kenaka a Pius Zimba, mnzawo wa a Zacharia wa kumgodi, anakomoka pakhomo pawo. Anali wodwala shuga, ndipo ankabayitsa jakisoni wa m'firiji muja osaphonya. Ku chipatala chachikulu anati mankhwalawo anali ataonongeka ndi kutentha. A Pius anagonekedwa, asakudziwa kanthu.

Sabata yomweyo komboni yonse inagwirizana chimodzi: sola ndi bodza. Komiti ya parishi inaitanitsa msonkhano wa Lamulungu masana.

2. Pa Khomo la Kanema

Loweruka m'mawa Nelia ananyamula beseni la zitumbuwa za amayi ake kupita kumsika. Malo amene zinkatha msanga anali pa khomo la kanyumba koonetsera kanema, chifukwa anyamata ankadzaza pamenepo kudikira filimu ya nkhonya.

Mwini kanemayo anamuitana kuti alowe amupatse zitumbuwa zitatu. M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Nelia anatula beseni pa benchi, ndipo phazi lake linakoka chiguduli chimene chinaphimba zinthu pansi pa tebulo la TV.

Pansipo panali mabatire awiri aakulu. Pa lililonse panali mtanda wachikasu. Lina linali ndi nambala 3, lina nambala 4. Nambala 4 inali ndi kamchira kopindika, monga atate ake ankalembera nthawi zonse.

"Mabatire awa mwawapeza kuti?" anafunsa Nelia m'Chibemba.

Munthu uja anabweza chiguduli mwachangu. "Awe, ndinagula bwinobwino. Mlongo wako yemwe ndiye anandigulitsa. Ena anayi anapita ku Ndola. Anati atate anu anatuluka nawo kumgodi ngati mphatso."

Nelia anatuluka osatenga ndalama ya zitumbuwa. Anakhala pa mwala kuseri kwa ogulitsa tinsomba ta kapenta kufikira masana, beseni lili pamiyendo, osaitanira malonda.

3. Clive

Anamupeza Clive kuseri kwa nyumba akukonza unyolo wa njinga ya mnzake. M'nyumba munkamveka atate awo akutsokomola.

"A Clive, ndaona nambala 3 ndi 4 kwa wa kanema," anatero Nelia motsitsa mawu.

Clive sanadzutse mutu. Anapitiriza kuzungulitsa pedulo ndi dzanja.

"M'kachipinda muja muli chiyani tsopano?"

"Mabatire," anayankha Clive. "Akale a thiraki. Ndinawatola kwa ogula zitsulo. Masana amagwira, koma likalowa dzuwa sachedwa kufa."

"A Pius ali chikomokere!"

"Tsitsa mawu." Clive anapukuta manja pa thalauza n'kumuyang'ana. Maso ake anali ofiira. "Ukuganiza kuti mankhwala a chifuwa cha atate anagwa kumwamba? Ufa umene wadya miyezi itatu ino unachokera kuti? Ndinayenda Kitwe yense ndi satifiketi yanga m'thumba la pulasitiki. Pa geti ya mgodi mlonda anandiuza kuti ngakhale wosesa akuchokera ku kampani ina. Ndinkati ndikapeza ganyu ndiwawombola onse, munthu asanadziwe. Sindinadziwe kuti jakisoni amafa ndi kufunda pang'ono chabe."

"Ndiye mawa mukanene."

"Ndikanene kuti andimange? Ndikamangidwa, atate adzawakweza ndani pa njinga kupita ku chipatala? Iweyo?"

Clive anatenga njinga ija n'kutuluka nayo, unyolo ukugwedera.

4. Mawu a Amayi

Lamulungu m'mawa amayi ake, a Anastasia, ankasita yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi ndi simbi ya makala. Anamuuza Nelia kuti atseke chitseko cha kuchipinda kumene atate anagona.

"Dzulo ndinali m'bafa, ndinamva zonse," anatero. "Ndipo ndisakunamize, ndinadziwiratu. Mayi amadziwa ufa ukalowa m'nyumba yopanda malipiro. Ndinaphika, ndinadya, sindinafunse. Tchimo limenelo ndi langa, ndidzaliulula ndekha kwa ansembe. Koma iwe tamvera.

"Nyumba ino ili ndi amuna awiri. Mmodzi akutha ngati kandulo, ukumumva wekha. Winayo ndi amene akuyenda ndi miyendo yake. Ukatsegula pakamwa pa msonkhano lero, mawa m'nyumba muno mulibe mwamuna. Iwe suwadziwa maselo apolisi. Mwana wa amake Lillian analowa chifukwa cha waya wa kopa wosakwana mkono. Anakhala miyezi isanu ndi itatu mlandu wake usanazengedwe, anatuluka ndi chifuwa chachikulu, tinamuika Khirisimasi isanafike. Ndi zimenezo ukufunira mlongo wako?

"Sola ndi chitsulo ndi galasi, mwana wanga. Akaitukwana siimva kuwawa. Aisiye, aichotse, aike chimene akufuna. Atate ako achita manyazi sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka anthu aiwala, chifukwa kuno mavuto sachedwa kubwera ena. Koma dzina loti wakuba silichoka pa munthu. Lidzatsata Clive, lidzatsata iwe pofuna ntchito, lidzatsata ndi ana ako omwe. Ife kuno ndife obwera. Kwathu ndi ku Katete, ndipo kuno tilibe malume woti akatiimire pa bwalo. Khala pansi pafupi ndi ine, manja pamiyendo, uzimvera akulu. Wamva?"

"Nanga a Pius?" anafunsa Nelia.

A Anastasia anaika simbi pa njerwa. "A Pius tikuwapempherera. Kuyankhula kwako sikuwadzutsa."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. A Zacharia anatuluka atavala jekete la suti limene tsopano linkawakulira m'mapewa. Anagwira ndodo.

"Amake Clive, ndipatseni nsapato zanga. Ndikupita nawo."

"Simungathe kuyenda mpaka kutchalitchi."

"Ndifika. Ntchito ya manja anga siingaweruzidwe ine nditagona."

5. Msonkhano

Msonkhano unayamba fotini awazi, 2 koloko masana, m'holo ya parishi. Anthu anadzaza mpaka ena anaimirira m'mawindo. Ansembe anali atapita ku Ndola, choncho wapampando wa komiti, mphunzitsi wopuma ntchito, ndiye anayendetsa zonse. Ankayankhula Chibemba, monga zimakhalira pa misonkhano ya kuno. Clive anaima pakhomo penipeni, manja ali m'matumba.

Sisitala Beatrice anafotokoza mwachidule. Anati katemera yense watayidwa, ndipo odwala shuga asanu ndi awiri alibe kosungira mankhwala.

Kenaka anaimirira a Jairus Chileshe. Iwowa kale ankayendetsa magalimoto akuluakulu a mgodi. Atachotsedwa ntchito anagula migolo n'kuyamba kugulitsa dizilo ndi palafini pafupi ndi msewu. Analinso ndi jenereta yakale imene anagula katundu wa mgodi akugulitsidwa. Anali munthu wodziwa kuyankhula.

"Abale anga," anayamba, "ambiri m'holo muno tadya mchere wa mgodi. Ndikufunseni. Kopa amene anamanga Kitwe anasungunuka ndi dzuwa? Ine ndinkaona sitima zikubwera ndi malasha kuchokera kummwera, mabogi osawerengeka. Moto umene unkasungunula mwala unali wa malasha ndi mafuta. Galimoto imene ndinkayendetsa, tayala lake lokha lalitali kuposa munthu, inkamwa dizilo. Azungu atsopano amene agula mgodiwu abwera ndi chiyani? Abwera ndi magalasi? Awe! Abwera ndi mathanki a dizilo. Iwo amadziwa chimene chimagwira ntchito.

"Ndiye tiganize. Amene anatitumizira magalasi awa, kwawo amawotcha malasha usiku ndi usana kuti nyumba zawo zifunde. Zipatala zawo siziyembekezera dzuwa. Koma ife, poti ndife osauka, akutipatsa zoseweretsa ana kuti ayesere pa ife. Akuti dizilo amaononga mpweya. Mpweya uti? Ife tapuma utsi wa mgodi kuyambira tili makanda, mpaka masamba a mapapaya kupserera. Palibe anabwera kudzatilirira. Lero tikufuna firiji imodzi yokha izizire, ndiye akumbukira mpweya?

"Ngakhale magetsi a madzi, mukukumbuka zaka za chilala zija mmene ankazimira? Madzi amadikira mvula, sola imadikira dzuwa. Dizilo sadikira kanthu. Ukathira, ukakoka chingwe, walira. Onani tsono. Uno ndi Okutobala, dzuwa likuswa mutu, koma firiji yafunda. Nanga mu Januwale, mitambo itatseka sabata yathunthu, tidzaika maliro angati? Ine ndikupereka jenereta yanga. Odwala azingosonkha ya mafuta."

"Cishinka! Zoona!" anthu anafuula, ena akuomba m'manja.

A Zacharia anadzuka pang'onopang'ono, Nelia atawagwira mkono. Mawu awo anali aang'ono moti wapampando anachita kumenya tebulo kuti anthu akhale chete.

"Ba Jairus anena zoona zambiri," anatero. "Mgodi unkadya malasha, sindikana. Koma mgodi unali ndi thumba lalitali. Ife tili ndi chiyani? Firiji imafuna kuzizira usana ndi usiku, chaka chonse. Jenereta idzamwa mafuta tsiku lililonse, ndipo tsiku limene odwala adzalephere kusonkha idzakhala chete. Chaka chatha dizilo atasowa, minibasi zinagona pa mizere masiku angati? Dzuwa silinasowepo. Ndipo utsi wa jenereta udzalowa pa windo la chipinda chimene amayi amachiliramo. Ine ndikudziwa zimene utsi umachita m'chifuwa.

"Sola ija inagwira chaka chathunthu, dzinja lonse, mitambo ilipo. Chinthu chikagwira chaka n'kuleka mwadzidzidzi, pali chavuta. Wamagetsi sataya nyumba chifukwa babu lazima. Ndipatseni masiku atatu, ndipeze mphamvu pang'ono, ndikatsegule ndione."

Chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka anawerama, ndipo anthu akumbuyo anayamba kung'ung'udza.

Pamenepo anaimirira a Georgina, akazi a a Pius. Anali atabwera molunjika kuchokera ku chipatala, chitenje chili chokwinyika. Iwo anayankhula Chinyanja, akuyang'ana a Zacharia.

"Alamu, munabwera kunyumba kwathu nokha. Munati, Pius, leka kukwirira jakisoni mumtsuko wa mchenga, kayike m'firiji ya dzuwa, siidzakukhumudwitsa. Anakumverani chifukwa munagwira ntchito limodzi pansi. Lero ndamuitana dzina katatu, sanatsegule maso. Masiku atatu mukupemphawo, mukuwapempha kwa ndani?"

A Zacharia anatsamira ndodo yawo. Anakhala pansi. Mnyamata wina pa windo anafuula kuti, "Injiniya wa dzuwa!" ndipo ena anaseka.

6. Nelia Aimirira

Wapampando anati anthu akweze manja, asankhe pakati pa sola ndi jenereta. Asanamalize kuyankhula, Nelia anali ataimirira. Amayi ake anamukoka siketi koma iye sanakhale.

"Ikala panshi! Khala pansi, mwana iwe!" anatero munthu wina.

"Musiyeni," anatero wapampando. "Nena, mwana wa ba Daka."

Nelia anakweza mawu. "Vuto si dzuwa ayi. Mabatire amene ali m'kachipinda muja si amene atate anaika. Aja anali ndi mtanda wachikasu. Amene alimo ndi akale, a thiraki. Pitani mukaone."

Wapampando anatuma amuna awiri ndi Sisitala Beatrice. Poti kiyi panalibe, anathyola loko ndi chitsulo. Posakhalitsa anabwera atanyamula batire limodzi lakuda, lotupa m'mbali, la dzimbiri kumitu. Analiika pa tebulo pamaso pa anthu onse.

A Zacharia analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka kuyang'ana kukhomo. Nelia nayenso anayang'ana. Clive anali akadali pomwepo, nkhope itauma.

"Wachita bwino," anatero wapampando. "Tsopano tiuze. Anasintha mabatirewa ndani?"

Nelia anamva dzanja la amayi ake likufinya chala chake mpaka kuwawa. Anayang'ana a Georgina, anayang'ana batire lija, anayang'ananso kukhomo.

"Sindikudziwa," anatero.

"Nanga wadziwa bwanji kuti anasinthidwa, poti chitseko chinali chokhoma?"

"Ndangodziwa."

A Jairus anaimiriranso, ndipo ulendo uno sanakweze mawu. "Loko tamuthyola tokha pompano, anali wabwinobwino. Ndiye wakuba analowa ndi kiyi. Wapampando, kiyi amasungidwa kuti?"

"Kwa ba Daka," anayankha Sisitala Beatrice monyinyirika.

"Ndipo ndani mu Ipusukilo muno amadziwa kumasula mabatire asanu ndi limodzi n'kulumikiza ena, magetsi n'kumayakabe? Ndani amadziwa mtengo wake? N'chifukwa chake amapempha masiku atatu. Amafuna akabwezeretse tisanaone."

"Kabolala! Wakuba!" Mawu anayambira kumbuyo n'kufalikira holo yonse. Amayi ena anaimirira pa mabenchi. A Georgina anagwira kumutu n'kuyamba kulira mokweza.

"Si atate!" anakuwa Nelia. "Atate akhala chigonere kuyambira Julayi!"

"Ndiye ndani? Tchula!"

Nelia anayang'ana kukhomo kachitatu. Panalibe munthu. Clive anali atapita.

Dzina linali pa lilime, koma phokoso linali litakula kale moti ngakhale wapampando sankamveka. Mayi wina anamukankha Nelia paphewa, nati, "Mwana wa wakuba, wagulitsa atate ako wekha!" Sisitala Beatrice ndi amuna awiri a m'komiti anazungulira a Zacharia n'kuwatulutsira khomo lakumbuyo.

Manja anakwezedwa iwo atachoka. Anagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, nkhani ya mabatire ipite ku polisi m'mawa mwake. Chachiwiri, magalasi atsitsidwe padenga ndipo jenereta ya a Jairus ibwere. Mphunzitsi wina wamkazi anayesa kunena kuti tsopano zaoneka kuti sola inalibe mlandu. Anamuyankha kuti chinthu chimene mbala ingachinyamule pa njinga si chodalirika, pamene jenereta imafuna amuna asanu kuti aisunthe. Nkhani inathera pomwepo.

Pobwerera kunyumba anadutsa njira ya kuseri kwa msika. A Zacharia ankapuma pa nyumba yachitatu iliyonse. Atafika anapeza chikwama cha Clive palibe, pamodzi ndi nsapato zake ndi thumba la pulasitiki la satifiketi.

7. Lolemba M'mawa

Kutacha Nelia anavala yunifolomu ya sukulu chifukwa sankadziwa china choti achite. Atate ake anali atakhala pa mpando panja, atavala kale jekete. Anamuitana.

"Khala apa. Amayi ako andiuza zonse."

Nelia anagwada pambali pawo n'kuyamba kulira. "Atate, ndimafuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa. Pukuta maso, umve, chifukwa mpweya wanga ndi wochepa ndipo sindibwereza.

"Tsiku langa loyamba pansi pa mgodi, kapitawo wathu anatenga mawaya atatu. Woyamba anali wosalumikiza. Anati uyu alibe ntchito, koma sapha munthu. Wachiwiri anali womanga bwino, wothina. Anati uyu ndiye amayatsa nyale. Wachitatu anali wongogunditsa, theka walowa theka ali panja. Anati uyu ndi amene amawotcha nyumba. Amathetheka pang'onopang'ono m'khoma, anthu ali mtulo, ndipo moto wake umagwira amene sanamukhudze n'komwe.

"Dzulo unali ndi njira ziwiri, zonse zowawa. Ukanakhala chete monga ananenera amayi ako, ine ndikanakhala chitsiru cha dzuwa, basi. Ukananena zonse, Clive akanayankha mlandu wake, ndipo mwina anthu akanamva chisoni poona chimene anagulitsira. Mwina magalasi aja akanatsala padenga. Iwe unanena theka. Unatsegula chitseko n'kusiya anthu kuti alowe okha mumdima, ndipo anagwira amene anali pafupi. Sindikukudzudzula kuti ndiwe woipa. Ndiwe mwana, ndipo akulu tonse tinakusenzetsa katundu amene si wako. Ine ndinapereka kiyi kwa mnyamata wanjala osamufunsa kuti tikudya chiyani. Koma uphunzirepo. Usanaimirire pa gulu, uziyamba wadzifunsa ngati ungathe kumaliza. Choonadi sachidula pakati ngati sopo."

Anapuma kwa kanthawi, akusisita pachifuwa.

"Tsopano ndikupita ku polisi ndekha, asanabwere kudzanditenga pamaso pa anthu. Ndikanena kuti ndine."

"Ayi, atate! Si inu!"

"Ine zanga zatha kale. Clive ali ndi zaka zambiri kutsogolo."

"Mukafera m'selo! Amayi, auzeni!"

A Anastasia anali ataima pakhomo, atafunda chitenje kumutu. Anangobwera n'kuwagwira amuna awo mkono, ndipo awiriwo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku msewu. Anansi anasuzumira m'mipanda. Palibe anapereka moni.

Nelia anawatsatira chapatali mpaka pa tchalitchi. Kumeneko amuna anayi anali kale padenga la kiliniki akumasula magalasi. Pansi, ngolo yokankha inali itafika ndi jenereta, ndipo a Jairus ankaloza poti aiike, pansi pa windo. Sisitala Beatrice anamuona Nelia n'kumukodola.

"A Pius amwalira mbandakucha," anatero motsitsa. "Mlanduwu sukhalanso wa mabatire okha. Ngati ukudziwa kumene kuli mlongo wako, mwana wanga, nthawi ndi ino."

Nelia sankadziwa nyumba kapena msewu umene akanamupezako Clive. Ankangokumbukira kuti Clive anali ndi mnzake wa kusukulu dzina lake Lighton, amene anasamukira ku Nkwazi, ku Ndola, ndipo ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Iye mwini anali asanapiteko ku Ndola yekha chibadwire.

Anavula tayi ya sukulu n'kuiika m'chikwama. Anayenda wapansi mpaka m'tauni, pa siteshoni ya minibasi, nafika dzuwa litakwera. M'thumba munali ndalama ya zitumbuwa zochepa zimene anagulitsa Loweruka masana, yokwana ulendo wopita wokha.

"Ndola! Ndola! Mmodzi yekha!" ankakuwa kondakitala, akumenya chitseko.

Nelia anakwera n'kudzipanikiza pa mpando wakumbuyo. Minibasi itayamba kuyenda, munthu amene anakhala kutsogolo kwake anatembenuka. Anali mwini kanema uja. Pakati pa miyendo yake panali katundu wolemera wokutidwa ndi chiguduli.

"Iwe," anatero munthuyo, akumuyang'anitsitsa. "Ukupita kuti?"